Muyeso wa Khosi Langa

Lolemba, 12 Ogasiti 1996

Andigoneka. Bedi nambala 4, wodi ya amayi, mbali ya olipira, pa chipatala cha mishoni. Kope ili ndalitenga pa shelefu ya m'golosale mwanga ku Neno, pakati pa sopo ndi machesi, chifukwa ndinamva kuti masiku a m'chipatala ndi aatali. Ine Felista ndili ndi zaka 46 ndipo sindinagonepo m'chipatala kupatula pobereka, ndiye ndikufuna ndione zonse ndi kuzilemba.

Chandibweretsa ndi khosi. Latupa kutsogoloku ngati ndameza nachesi wosasenda. Ndinalizindikira mu Juni, mawu atayamba kundithawa pa kwaya, ndipo tsopano ndikagona chagada mpweya umachita kupempha njira.

Tinanyamuka m'mawa ndi amuna anga a Bernard, bambo a Tadala, pa lole ya mbatatesi mpaka pa tala, kenako basi. Tafika tili mbuu ndi fumbi la msewu wa kwathu.

Pa windo lolandirira odwala bambo a Tadala anatulutsa khadi lathu la inshuwalansi. Khadi limeneli latiyambanitsa kambiri. Analowa sikimuyi mu Okutobala 1994, nthawi imene ankaphunzitsa zosoka ku kampu ya anthu othawa nkhondo ku Luwani. Anthu aja atabwerera kwawo ntchito inatha, anzawo onse anasiya kulipira, koma iwo ayi. Mwezi ndi mwezi ulendo wa ku positi, ngakhale mwezi umene makina awo osokera angokhala pakhonde la golosale kudya fumbi. Ine ndinkawaseka kuti kulipirira matenda asanabwere n'kuwaitana. Lero kalaliki atangoliona khadilo anatipatsa mipando. Ndinakumbuka makhadi a chipani aja tinkaonetsa pa geti la msika. Tawataya dzana dzanali, lero tikulowanso ndi khadi, kungoti ili lili ndi chithunzi changa.

Bambo wolemba mbiri ya matenda anandifunsa kuti khosi linayamba liti. Apa ndinachita zimene aliyense wa kwathu amachita. Ku chipatala chaulere ukanena kuti wayamba dzulo, amakupatsa asipulini n'kukuuza kuti ubwerenso zikapitirira. Ukafuna akuone bwino umakokomeza. Ndiye ndinakwinya nkhope n'kunena kuti, "Kalekale, bambo. Chaka cha referendamu chija." Analemba 1993. Bambo a Tadala anali atatuluka kukatenga chikwama, sanamve.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Atenga magazi machubu awiri, limodzi akuti lipita ku Blantyre. Sikelo: makilogalamu 71. Bipi: 150 pa 90. Anesi athu ndi a Rute, mayi wa miyendo yofulumira amene amayankha funso akuyenda, moti yankho umalimva ali kale pakhomo.

Adokotala abwera cha m'ma 10. Anaima kumbuyo kwanga, kundigwira khosi ndi zala zozizira, n'kundimwetsa madzi. Akuti amafuna aone ngati chotupacho chikukwera ndi kutsika ndikameza. Chimakwera. Dzina lake ndi chithokomiro. Ndinafunsa chimene chimayambitsa. Akuti kawirikawiri n'kusowa kwa ayodini m'chakudya, ndipo kumapiri ngati kwathu n'kofala. Chopewera chake chili mu mchere wa m'mapaketi uja. Ine amene ndagulitsa mchere wamiyala pa kapu zaka khumi ndi zisanu, n'kumanyoza wa m'paketi kuti ndi wa anthu onyada, ndinangoti kukamwa yasa.

Pakufunika opaleshoni chifukwa chayamba kufinya njira ya mpweya. Dokotala wa maopaleshoni amabwera kuno kamodzi pa miyezi itatu, ndipo akubwera Lachinayi la sabata ya mawa, pa 22. Dzina langa alilemba pa mndandanda, bola a inshuwalansi avomere. Avomera, nanga khadi si ili.

Mayi anga aakulu a ku Ligowe anamwalira ndi khosi lotere ine ndili mtsikana. Miyezi yomaliza ankagona chokhala, atatsamira mtondo. Adokotala sindinawauze, koma lero ndawakumbuka kwambiri mayiwo.

Bambo a Tadala abwerera ku Neno, ali ndi mayunifomu a sukulu oti amalize. Abwera Loweruka.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Pa bedi loyandikana nane pali mayi Asma a ku Lisungwi, a sitolo ya nsalu ndi mapoto. Ali ndi shuga ndi chilonda chosapola paphazi. Tadziwana m'mawa, pofika masana tinali titagawana manachesi anga ndi zitumbuwa zawo. Iwo alibe khadi, amadzilipirira okha.

Masana kunabwera a Zefaniya, kalaliki woona za anthu a inshuwalansi. Anangobwera kudzandisainitsa fomu, koma awirife tinawatsekereza ngati mbuzi yolowa m'dimba. Ndalemba zimene ndagwira.

Sikimu ili ndi magulu atatu. La pansi, limene tili ife, ndi la zipatala za mishoni. La pakati limakufikitsa ku zipatala zolipira za m'tauni. La pamwamba ndi la mabwana, amakukweza ndege mpaka ku Joni. Aliyense wokhala m'dziko muno akhoza kulowa, ngakhale mlendo, bola akhale ndi mapepala. Ukasamukira kunja khadi limafa. Ndinafunsa za anzawo a bambo a Tadala amene anabwerera ku Mozambiki, akuti awo ndiye basi.

Pa khadi pamalowa mwamuna, mkazi mmodzi ndi ana obereka okha.

"Mkazi mmodzi?" anatero mayi Asma. "Nanga wachiwiri azikadwalira kuti?"

"Amalipiridwa payekha, mayi."

"Nanga ana a mlongo wako amene ukuwasunga?" ndinafunsa ine. "Kwathu malume ndiye mwini ana."

A Zefaniya anatembenuza kabuku kawo uku ndi uku. "Kabuku aka sikadziwa malume, mayi."

Mayi Asma sanathe. "Kodi chaka chikatha osadwala amakubwezerani?"

"Ayi. Zimathandiza ena amene adwala."

"Ndiye ndi chipereganyu choti ena adye kawiri, ena osalawa."

"Amene sanalaweyo ndiye wapambana, mayi," anatero a Zefaniya, n'kuthawa tisanapeze funso lina.

Kabukuko andibwereka. Ndi ka Chingerezi chokhachokha, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Ndinafunsa ka Chichewa, kulibe. Ndi Sitandade 8 yangayi ndiziwerenga tsamba limodzi patsiku.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Andijambula ekisire. Ndinapempha kuti ndione, ndipo a Rute anandiimikira chithunzicho pawindo. Mafupa anga ndi aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Njira ya mpweya ikuoneka ngati mzere wakuda, ndipo pakhosi yakhotera kumanzere, ngati njira ya kumunda yolambalala chulu. Zaka zonsezi ndayenda ndi zinthu zimenezi m'kati osazionapo.

Bipi 145 pa 90. Andipatsa mapilo atatu. Mpunga wa lero ndinaumeza movutika, ndapempha phala.

Tsamba 3 la kabuku: mano amalipira kuzula, koma osati kuika ena.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Zavuta, ndipo wazivutitsa ndine.

A Zefaniya abwera m'mawa nkhope ili pansi. Aimba foni ku ofesi ya inshuwalansi ku Blantyre, ndipo akana. Ananditsegulira tsamba 9, limene ndinali ndisanafikeko. Lamulo 14: matenda amene munthu anali nawo asanalowe sikimu salipiridwa mpaka patatha miyezi 24. Ife tinalowa pa 1 Okutobala 1994. Fayilo yanga ikuti khosi linayamba 1993.

"Ndiye mpaka pa 1 Okutobala chaka chino, mayi. Koma dokotala wa maopaleshoni akachoka pa 22, abweranso pa 21 Novembala."

Poyamba ndinaseka. "Bambo, limenelo ndi bodza. Layamba mu Juni. Ndinangokokomeza kuti andione bwino."

Mayi Asma anafundira chitenje kumutu, bedi lawo likugwedezeka ndi phwete. A Zefaniya sanaseke. "Mayi, ku chipatala chaulere anthu amatalikitsa matenda. Kwa ife amafupikitsa. Inu ndinu oyamba kubwera ndi bodza lolowera kolakwika."

Iwo sangasinthe cholembedwa m'fayilo. Angasinthe ndi adokotala okha, asaine, ndiye fomu itumizidwenso. Adokotala apita ku zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, abwera Lolemba.

Ndinafunsa njira zina, chifukwa munthu uyenera kudziwa makomo onse a nyumba imene wagonamo. Ziwiri. Kukalembetsa ku chipatala chachikulu cha boma, kwaulere, koma akuti mzere wa maopaleshoni otere ndi wautali, mwina chaka chamawa. Kapena kudzilipirira tokha, zimene kwa ife ndi kugulitsa makina osokera ndi golosale yomwe.

Kuseka kunatha atangotuluka. Novembala ndi mvula yoyamba, ndipo msewu wa Neno mvula ikagwa ndimaudziwa. Manyazi andigwira. Munthu walipira miyezi 22 osaphonya, ine ndagwetsa zonse ndi mawu anayi.

Loweruka, 17 Ogasiti

Bambo a Tadala afika masana ndi nandolo wamuwisi, mbatatesi yophika ndi kalata ya Tadala, mwana wathu amene watsala pa golosale. Akuti mchere wa m'paketi auitanitsa kale, ndisadandaule.

Ndinawasiya adye kaye, kenako ndinaulula. Ndimayembekezera kuti apsa mtima, kapena andiseka monga mmene ine ndawasekera zaka ziwiri. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anakhala pa mpando akupotokola chipewa.

"Munati chaka chanji?"

"Cha referendamu."

"Anakuuzani ndani?"

"Kundiuza chiyani? Ndinangotola m'mutu."

Anandiyang'ana pakhosi, kenako pansi. "Lamulo 14," anatero motsitsa. Kenako anati, "Lolemba mukawauze kuti Juni. Inu munalizindikira mu Juni, eti? Limenelo si bodza."

Agona kwa mnzawo wa telala pa msika wa pafupi, kuti Lolemba adzakhalepo.

Atachoka ndakhala ndikudzifunsa. Kabuku kanali pansi pa pilo wanga, sindinawaonetse, ndipo nambala ya lamulo sindinaitchule. Munthu amene amaiwala tsiku lobadwa mwana wake walidziwa bwanji lamulo 14 pamtima? Ndinawafunsa mayi Asma. Akuti amuna amaloweza zinthu zopanda pake, awo amadziwa nambala za malole onse odutsa pa Zalewa.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Kunabwera kwaya kudzaimbira odwala. Ndinayesa kulowa ndi alito, mawu anaduka pa mzere wachiwiri. Ndinangomaliza ndi milomo.

Mayi Asma amapemphera atakhala pabedi chifukwa cha phazi. Akayamba ndimatseka wailesi, ine ndikatsegula Baibulo iwo amasiya nkhani. Sitinapangane.

Ndawerenga kabuku mpaka kumapeto. Magalasi amalipira kamodzi pa zaka ziwiri. Kwa sing'anga salipira. Wovulala ataledzera salipira, ndiye theka la amuna a pa msika wathu asavutike n'kulowa.

Bipi 150 pa 95. A Rute akuti ndikuganiza kwambiri.

Lolemba, 19 Ogasiti

Ndilemba mwadongosolo, chifukwa mutu sukugwira.

Adokotala anafika pa bedi langa cha m'ma 11. Bambo a Tadala anaima kumiyendo. Ndinapepesa, ndinafotokoza za kukokomeza kwa kwathu, n'kunena kuti choona ndi Juni. Ndimaganiza kuti aseka, asaina, nkhani yatha.

Sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala, chimene sanachitepo.

"Mayi, ndikufuna tsiku lenileni. Khosi la zaka zitatu ndi khosi la miyezi iwiri ndi matenda awiri osiyana."

Ndinafunsa kuti zimasiyana bwanji, poti khosi ndi lomweli. Anafotokoza pang'onopang'ono. Chithokomiro wamba chimakula mwaulesi, chaka ndi chaka. Chimenecho amachichotsa, munthu n'kubwerera ku ntchito zake. Koma chotupa chofika msinkhu uwu m'miyezi iwiri yokha chimawaganizitsa zina. Ndinafunsa kuti zina ziti. Anati khansa. Ngati ndi Juni, alemba Juni, ndipo a inshuwalansi mwina avomera, koma Lachinayi sanding'amba kuno. Anditumiza ku Blantyre kuti akatenge kachidutswa akapime kaye.

"Ndiye ganizani bwino. Chaka chatha khosi linali bwanji?"

Ndinaganiza. Kagalasi ka kunyumba ndi kang'ono, kamathera pachibwano. Anthu akhala akundiuza kuti ndanenepa, golosale yandiyanja, ine n'kumathokoza. Zovala zanga sizinandithinepo pakhosi, ngakhale imodzi. Ndinawauza zimenezo. "Likanakhala lakale bwenzi mabulauzi akundikana. Ndi Juni, adokotala."

Anatulutsa cholembera.

"Adokotala, musalembe kaye." Anali bambo a Tadala. Mawu awo anali achilendo. "Ndipatseni masiku awiri."

Anavala chipewa m'wodi momwemo n'kutuluka. Sananditsanzike. A Rute akuti anawaona akuthamangira basi.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Ndikuopa.

Sindinadye. Bipi 160 pa 100, andipatsa kapiritsi koyera.

Dzulo m'mawa ndinkapempherera kuti akhulupirire Juni. Lero sindikudziwa chopempherera. Juni ndi khadi logwira ntchito ndi nthenda yoopsa. 1993 ndi nthenda yochizika ndi khadi logona, koma 1993 ndinangopeka.

Mayi Asma anati tione chithunzi cha pa khadi, poti chinajambulidwa 1994. Tinachiyang'ana mosinthana, pafupi ndi windo. Palibe chooneka. Ndinavala bulauzi ija ya kolala yotambalala imene bambo a Tadala anandisokera, yofika m'chibwano. Ndinkadandaula kuti ndikuoneka ngati mkazi wa abusa, iwo n'kumati ndiyo fashoni ya ku Blantyre.

Mayi Asma andisendera nachesi womaliza, ndadya tizidutswa tiwiri.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Abwera cha m'ma 2 masana, fumbi mpaka m'nsidze. Anapita ku Neno n'kubwerera, ulendo wina pa lole, wina wapansi. M'manja munali kope lawo la miyeso, lakuda lija limakhala m'kabati ya makina, lomwe amalembamo ziuno ndi mapewa a anthu a Neno yense.

Sanayambe ndi ine. Anapempha a Rute kuti aitane adokotala, ndipo atabwera anatsegula tsamba lolembedwa pamwamba kuti Mayi a Tadala. Ndinasuzumira. Ndakopera mzere wa khosi wokha.

Khirisimasi 1992, mainchesi 13 ndi theka.
Khirisimasi 1993, 14.
Isitala 1994, 14 ndi kota.
Khirisimasi 1994, 14 ndi theka.
Ukwati wa kwa a Ezekiele, Julayi 1995, 15.
Khirisimasi 1995, 15 ndi theka.
Isitala 1996, 16.

Mikono ndi mapewa sizinasinthe. Chiuno chinawonjezera inchesi imodzi basi.

Adokotala anayendetsa chala pa manambalawo kawiri. Anafunsa ngati tepi yoyezera inali imodzimodzi zaka zonsezo, bambo a Tadala anaitulutsa m'thumba. Kenako adokotala anapuma mpweya wautali. "Bambo, fayilo yabwino chonchi sindinaionepo. Ichi chakula mwaulesi. Mawa atsimikiza ndi anzanga a maopaleshoni, koma mtima wanga wakhala pansi."

Choncho bodza langa linali loona. Ndinatola chaka m'mutu n'kugwera pa chenicheni.

Ndinawayang'ana amuna anga. Zaka zitatu bulauzi iliyonse yakhala ikubwera yondikwana pakhosi, ine n'kumadzitama kuti thupi langa silisintha. Ndinkadabwanso kuti munthu wosakonda kusoka zovala za akazi wayamba bwanji kundisokera Isitala ndi Khirisimasi yomwe, osapemphedwa. Ndinkauza amayi a ku Mvano kuti ukalamba wawafewetsa mtima. Kani ankafuna pondiyezera.

Sanandiyang'ane. Anatenga kope lija n'kupita nalo okha ku ofesi ya a Zefaniya. A Zefaniya anabwera pambuyo pake kudzandiuza kuti opaleshoni ya mawa ndiye palibe, poti khosi linayambadi tisanalowe sikimu, ndipo pali china. Ngati a ku Blantyre aona kuti munthu anabisa matenda polowa, akhoza kulithetsa khadi lonse. Aimba foni mawa m'mawa. Bambo a Tadala ankalidziwanso lamulo limenelo pamene ankakwera lole.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Tsiku limene ndinayenera kulowa m'chipinda cha opaleshoni. M'mawa ndinaona amayi awiri akuwakankha pa machira a matayala, atavala zobiriwira. Ndinawachitira nsanje, sindibisa.

Dokotala wa maopaleshoni anandiona masana atamaliza. Ndi wamfupi, wa manja aang'ono ngati a mwana wasukulu, ndipo anawerenga kope la telala asanawerenge fayilo. Zotsatira za magazi zabwera, zili bwino. Akuti ndi chithokomiro wamba. Chikhoza kudikira Novembala, koma osati kupitirira. Ndizigona ndi mapilo. Mpweya ukayamba kulira pokoka, kapena madzi akayamba kukana kutsika, ndibwere tsiku lomwelo, khadi kapena opanda khadi. Dzina langa alilemba loyamba pa 21 Novembala.

A Zefaniya anabwera akumwetulira, koyamba chiwadziwireni. Fomu yolowera inkafunsa za matenda amene adokotala anawapeza, ndipo mu 1994 panalibe dokotala amene anali ataliona khosi langa. "Telala sali m'kabuku, mayi." Khadi lili moyo. Kuyambira pa 1 Okutobala lilipira opaleshoni. Za masiku ndagona kunowa akuti tikambirana ndi a mishoni pang'onopang'ono.

Madzulo dzuwa lisanalowe tinakhala pa benchi panja, awiri. Ndinawafunsa.

Akuti anazindikira Khirisimasi ya 1993, tepi itakana kufika pamene inkafika. Anaganiza kuti alakwitsa. Isitala itakananso, anafunsa nesi wina wa ku kampu, osatchula dzina langa. Nesiyo anawauza chimene chingakhale, ndi kuti mapeto ake ndi opaleshoni. Sikimu itabwera ku ntchito analembetsa tsiku loyamba, ndipo mnzawo wodziwa Chingerezi anawawerengera kabuku konse. Kuyambira pamenepo akhala akuwerenga miyezi.

"Unatsala mwezi umodzi ndi theka, mayi a Tadala. Mu Juni mutayamba kudandaula ndinati tichedwe pang'ono, koma nditakumvani mukubanika m'tulo ndinalephera."

"Bwanji osandiuza zaka zonsezi?"

"Pakamwa panupo pakanasunga? Bwenzi msika wonse ukudziwa pofika Loweruka."

Ndinawamenya ndi kabuku ka a Zefaniya paphewa. Anaseka pang'ono, kenako anasiya.

"Ndinaona mmene mumasinthira nkhope mukamakamba za mayi anu aakulu. Ndinati zaka ziwiri za mantha ndisenze ine, inu muziimba kwaya."

Ndinawauza kuti analakwa. Khosi ndi langa, ndinayenera kudziwa, ndipo mwina bwenzi nditasiya mchere wamiyala kalekale. Anavomera. Ndinawauzanso kuti Loweruka anandituma kukanama. Anavomeranso, n'kunena kuti Lolemba atamva mawu aja a adokotala anaona kuti bola khadi life. Anati ngati Novembala ndi kutali agulitsa makina mawa. Ndinakana. Makina amenewo ndi amene andipeza matenda.

Ndakwiya nawo, ndipo ndikuwathokoza. Zonse ziwiri zakwana mumtima umodzi, sindinkadziwa kuti zimatheka.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Anditulutsa. Sikelo: 69. Bipi: 140 pa 85.

Mayi Asma atsala, phazi layamba kuuma. Andilonjeza kuti mvula ikadzatseka msewu wa kumtunda ndidzatsikire ku Lisungwi sabata imodzi isanafike 21, ndidzagone kwawo, lole ya amuna awo idzandifikitsa pa tala. Atenganso fomu kwa a Zefaniya. Akuti sakulowa, akungofuna awerenge.

Kabuku ndabweza. A Zefaniya ndawauza kuti akauze mabwana awo alembe ka Chichewa, ndipo lamulo 14 aliike pa tsamba loyamba.

Tisanatuluke bambo a Tadala anatulutsa tepi. "Kwezani chibwano." Ndinakweza. Zala zawo ndazimva pakhosi panga kambirimbiri, koma lero sananamizire bulauzi, ndipo sanatembenuke kukalemba mobisa. Anawerenga mokweza, "16 ndi theka." Ndalemba ndekha, muno. Tagwirizana kuti Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi aziyeza, ine ndizilemba, mpaka masabata khumi ndi atatu athe.

Polongedza ndapeza kathumba ka pulasitiki pansi pa chikwama chimene anabwera nacho Loweruka lija. Munali bulauzi yatsopano ya buluu, ya khosi laling'ono lozungulira, yopanda kolala. Anandisokera kuti ndidzavale potuluka, opaleshoni itachitika. Ndinaiyesa pomwepo, mayi Asma akuonerera. Mapewa bwinobwino, mikono bwinobwino. Batani la pakhosi silinafike, panatsala mpata wa zala zitatu.

"Munadula pa muyeso uti?" ndinafunsa.

"Wa 1992."

Anatambasula dzanja kuti aitenge, akuti akaimasula pang'ono kuti ndizivala pakadali pano. Ndinaipinda n'kuibwezera pansi pa chikwama. Ndawauza kuti imeneyi asaikulitse.